Tsiku limene makina anathyoka padoko

Stromness, Orkney

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Nanga bambo, bondo likuwalola kupita kunkhosa? Kuno tili moyo, ndipo mawu amenewa sindikungowalemba mwamwambo ayi. Khalani pansi kaye musanapitirize.

Mkamwini wanu Erlend wathyoka mkono pawiri. Ali kunyumba, anamuika chikhakha, akudya bwino ndipo pakamwa sipanasinthe. Koma zimene ndinaona ndi maso angawa zikundiopsabe.

Mukukumbuka makina aja ndinkakuuzani, opanga magetsi ndi kuthamanga kwa madzi, amene boti langa linakawatsitsa pansi pa nyanja chaka chatha? Alipo awiri ofanana. Nyengo yonse yozizira anagwira ntchito osavuta, moti eni ake, a Kerr, ankayenda chifuwa chili patsogolo. Koma malamulo a kayesedwe amati makina akatha nyengo yozizira m'madzi, azitulutsidwa kuti aunikidwe pamtunda asanavomerezedwe. A Kerr sanafune. Ankati kuvuula n'kutaya nthawi, ogula akudikira, bola Erlend ndi anzake, amene ntchito yawo ndi yolowa pansi pa madzi, angomira akayang'ane pansi pomwepo, monga amachitira nthawi zonse.

Amene amayang'anira zoyesa ndi Mayi Ingrid Flett, aafupi, osakweza mawu. Anakana. A Kerr anawafunsa pamaso pa tonse ngati pepala limadziwa nyanja kuposa anthu amene amalowamo. Iwo anangoti maso a munthu saona m'kati mwa chitsulo, ndipo sasaina chimene sanachiyese. Erlend anafika kunyumba akuseka, amvekere mayi aja akhoza kuyesa ndi supuni yomwe asanatakasire tiyi.

Ndiye Lachinayi m'mawa tinavuula oyambawo n'kuwakokera kudoko. Kunja kunali bata, anthu atadzaza kudzaonerera. Kireni itawakweza m'mwamba, ndere zikulendewera, tinamva kulira ngati chitseko chakale. Kenaka mwendo umodzi wa makinawo, chitsulo chonenepa kuposa thunthu la munthu, unangoti thyo! Makina anapendekeka, tcheni chinaduka n'kukwapula padoko. Erlend anali atagwira chingwe chowongolera. Ndinamuona akuuluka ngati chovala chochoka pa waya.

Amayi, sindikudziwa mmene ndinatsikira m'boti. Ndinangopezeka ndagwada pambali pake, nkhope yake ili mbuu. Atatsegula maso anati, "Mairead, usalire, wathyokawu ndi wotsukira mbale." Ndinafuna kumumenya.

Chimene chinatidzidzimutsa tonse ndi cha m'kati mwa mwendowo. Kunja utoto unali bwinobwino, wosalala. M'kati munali mutadyeka, dzimbiri lokhalokha, lofumbutuka ndi chala ngati bisiketi yonyowa. Madzi analowera pamene anawotcherera. Pansi pa mwendo umenewo m'pamene Erlend wakhala akukwawa, ndipo m'pamene a Kerr ankafuna kuti akalowenso. Akanaugogoda, n'kuona kuti uli bwino, n'kutulukako ngati ukanamulola.

A Kerr anakhala pansi pakonkire, suti ili m'madzi. Mayi Flett anavula jekete lawo n'kufunditsa Erlend. Madzulo anabwera kuchipatala. Ine ndinkati abwera kuti tiwathokoze, koma anabwera kudzapepesa. Anati malamulo awo amanena bwino za kuyesa makina, koma sanena kuti anthu aziima patali bwanji powakweza, ndipo iwo sanaganizeko. Erlend anawauza kuti akamadzalemba lamulo limenelo alitchule dzina lake, popeza walilipira ndi mkono.

Tsopano nkhani ndi iyi. Makina achiwiri aja akadali pansi, ndipo anawotcherera ndi anthu omwewo. Sangasiyidwe, chifukwa akathyoka okha adzakokoloka kupita m'njira ya sitima yonyamula anthu. Mayi Flett aletsa kuti munthu asamirenso pamenepo. Zingwe akazimanga ndi kamakina koyendetsedwa tili pamwamba. Koma boti loti likawakoke ndi langa, ndipo amene amadziwa madzi a pamenepo ndine. Anandifunsa ngati ndingafune kuti apeze wina. Ndinayang'ana anyamata anga a m'boti, onse maso ali pa ine, ndipo ndinati ndipita.

Erlend sanakondwe. Anati nyumba imodzi siyingapereke mikono iwiri kwa a Kerr. Ndinamufunsa ngati iye akanakana. Anangoyang'ana kuzenera.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Bwerani mudzakhale nafe mpaka ntchito imeneyi ithe. Erlend sangathe kunyamula Eilidh ndi dzanja limodzi, ndipo mwanayu wayamba kukwera chilichonse. Dzulo ndinawapeza awiriwo akulimbirana thewera, onse akulira. Komanso ndikufuna kuti tsiku limenelo pakhale munthu womugwira Erlend kuti asabwere kudoko. Inu amakuopani. Tikiti ya sitima yochokera ku Barra ndikonza ine, mungondiuza tsiku.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwafotokozere pang'onopang'ono. Moni kwa achimwene a Ruairidh ndi alamu, kwa azakhali a Peigi, ndi kwa ana onse. Eilidh wakupsompsonani papepala pano, ndiye banga mukulionalo.

Mundipempherere nyanja ya bata ndi manja osanjenjemera.

Ndine mwana wanu,
Mairead