Tambala amene ndinakana ku Likhubula

Mwana wanga Yohane,

Landira moni kuchokera kwanu kuno. Ife tilipo, kaya iwe ku Halaleko. Chisiyireni nyama, mimba yanga ija sikupwetekanso.

Koma apongozi ako anditopetsa! Ndinatumiza mawu kuti ndikabwera ku Likhubula andiphikire nandolo basi. Ndinapeza atapha tambala wawo yekhayo. Nditakana kudya, mayi a mkazi wako aja anati, "Mwatinyoza. Ukwati wa ana athu uthere pompano." Ine ndife chifukwa cholemekeza nkhuku?

Ondimvetsa ndi Alomwe amene anabwera kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire aja. Timadyera limodzi nyemba zawo za kalongonda, palibe wondiseka. Akuluakulu awo awiri avomera kundiperekeza kukapepesa, ngakhale cholakwa changa sindikuchiona.

Iwenso uwalembere msanga apongozi akowo, mkazi wako asanamukwatitse kwina. Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine bambo wako.