Mlandu wa Zenera Lakuda

KOMITI YOSUNGITSA MWAMBO PA NTCHITO
Tsiku: Lachitatu, 21 Meyi 2025
Malo: Chipinda chapakati, chija fani yake inafa
Analipo: Wapampando, Wachiwiri wawo, Mkulu wa Stolo, Mlembi, ndi woimbidwa mlandu, katswiri wathu wa makompyuta amene timangowatcha Mayi Mawaya
Sanabwere: Dalaivala (sanapepese)

1. Kutsegulira
Wapampando anatsegulira msonkhano nthawi ya 9 koloko m'mawa. Anati nkhani ndi imodzi: kuchotsa ntchito Mayi Mawaya.

2. Dandaulo
Mkulu wa Stolo anati intaneti ya pa ofesi yakhala ikukwawa kwa masabata atatu, ndipo Lolemba anapeza mayiwa akulemba zilembo zoyera pa zenera lakuda bii la kompyuta. Anati zenera lotere amaliona m'mafilimu, ndipo olitsegula sakhala anthu abwino. Atafunsidwa zomwe zinalembedwazo, anati magalasi anawaiwala kunyumba, koma mtima wawo sunama.

3. Yankho
Mayi Mawaya anati ali ndi ana awiri, choncho asanachotsedwe aloledwe kuonetsa zomwe ankachita. Anatsegula zeneralo, Mkulu wa Stolo n'kusendeza mpando wawo kumbuyo. Analemba "ping" ndi nambala ya printa, n'kufotokoza kuti: "Uku n'kuodira chabe, bwana. Ndikuti odi, printa iyankhe kuti lowani." Printa inayankha, koma mochedwa ngati munthu wodzutsidwa ku tulo.

Kenako analemba "arp -a", lamulo loonetsa zipangizo zonse zomwe zili pa netiweki ya intaneti yathu, chilichonse ndi nambala yake. Zinatuluka khumi ndi zinayi. Mlembi anakumbutsa komiti kuti ofesi ili ndi makompyuta asanu ndi printa imodzi.

Wapampando anamenya tebulo n'kulamula kuti akuba asanu ndi atatuwo atchulidwe mayina pompo, pasakhale kuyang'ana nkhope.

4. Mayina
Mayi Mawaya anafunsa kawiri ngati Wapampando akutsimikizadi. Anatsimikiza. Pofunsa nambala iliyonse dzina lake, zinatuluka izi: "TV ya Amalume", ya m'shopu yoyang'anizana nafe ya mlamu wa Wachiwiri, mafoni atatu a ana a Mkulu wa Stolo, omwe amaweruka kusukulu n'kudzakhala pakhonde pathu, ndi foni yotchedwa "Bebi wa Cheyamani". Apa Wapampando anatsamwa madzi n'kunena kuti dzinali n'lofala. Wachiwiri anayamba kuwerenga malata a kudenga.

Mayina atatu otsalawo sanawerengedwe, ndipo Mlembi akuvomera kuti mtima wake unakhala pansi.

5. Chigamulo
Komiti inagwirizana chimodzi, koyamba chaka chino, kuti Mayi Mawaya ndi wantchito wokhulupirika ndipo sachotsedwa. Mayiwa anapempha kusintha pasiwedi kuti alendowo atuluke. Wapampando anati nkhaniyo ndi yaikulu, ifunika komiti yapadera. Komiti yathu inagwirizananso kuti zenera lakuda lisadzatsegulidwenso pa ofesi pano chifukwa limadanitsa anthu, koma intaneti ikhale itathamanga pofika Lachisanu, kupanda kutero mlandu udzayambiranso.

6. Zina ndi zina
Mayi Mawaya anafunsa kuti: "Ndiye ndikonze ndi chiyani, bwana, pemphero?" Wapampando anati funsolo lisalembedwe.

7. Kutseka
Msonkhano wotsatira udzakhala pa 18 Juni. Wapampando anatseka nthawi ya 9:40, ndipo pempho lawo linali loti Mkulu wa Stolo apempherere intaneti.

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________