Atsikana athu sakukumana

Chizuru mnzanga,

Ndanyamuka ndi sitima yoyamba kukagwira tebulo lathu kumsika wa magemu. Usakuwe, koma ndapalamula.

M'mawa uno ndimayesa komaliza gemu yathu ya pakompyuta ija, ya atsikana awiri okondana. Ndasewera ngati Nagisa, kusankha zabwino zokhazokha: ambulera ndampatsa Kotone, pageti la sukulu ndamudikira, kalata yake sindinaing'ambe. Koma kumapeto Kotone wakwerabe sitima yekha, Nagisa osamuuza kuti amamukonda! Kufufuza, wolakwa ndine. Mu pulogalamu ya gemuyi ndinalemba kuti awiriwa akumane wosewera akasankha bwino kakhumi, chonsecho mafunso amene unalemba m'nkhaniyi alipo asanu ndi anayi okha. Olo mngelo sangawakumanitse.

Pepa kwambiri. Tsegula laputopu, mzere wake ndauika chizindikiro chofiira, usinthe 10 akhale 9. Ukatero ukoperenso gemuyo pa madisiki atsopano, ali kunsi kwa bedi langa, undipeze isanakwane 11 koloko. Ogula ndiziwachezetsa, pakamwa ndili napo.

Mpunga uli mumphika, idya kaye. Zonditukwana unyamule, ndikazimvera komweko.

Zaka ziwiri wakhala ukuwalemba atsikanawa. Asasiyane chifukwa choti ine masamu anandikana.

Fumika