Zithunzi Zinayi Zofufutidwa pa Chimbale

Joni,
9 Novembala 2008

Achemwali anga a Khadija,

Salaam aleikum. Muli bwanji kumeneko ku Nkaya? Mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, alhamdulillah, ntchito ya m'shopu ya makompyuta ikuyenda, koma mtima suli m'malo.

Mukudziwa chimbale cha CD chija timatumizirana ndi mkazi wanga Yasmin kudzera kwa adalaivala a basi. Abwana anga anachikonza kuti tizisungamo zinthu ngati m'kompyuta momwe: lero waponyamo chithunzi, mawa china, osachitseka. Ine ndimaikamo zanga, iye amapita nacho ku Balaka kwa a Blasius ojambula aja, amaikamo za mwana wathu Zainab n'kundibwezera.

Ulendo uno chabwera ndi zithunzi zitatu zokha, koma malo atha ambiri. Nditafunsa, abwana anaseka n'kundiuza kuti pa chimbale chotere chimene wafufuta sichichoka, chimangobisala. Anafukula zithunzi zofufutidwazo ine ndikuona. Zinayi!

Musathamangire kuganiza zoipa, chamanyazi palibe. Koma achemwali, Zainab akuyenda! Palibe anandiuza. Ndipo akuyenda kulowera m'manja mwa a Blasius, atavala tinsapato tofiira tomwe ndinagula ine. Pa china amunyamula paphewa, iye wawagwira makutu. Pa chomaliza Yasmin akuseka mano onse pamtunda, kuseka kumene ndinakuona komaliza tsiku la nikahi, ukwati wathu uja.

Ndinamuimbira. Akuti anauza yekha a Blasius kuti azifufute podziwa mtima wanga, ati bamboyo amangonyengerera mwana kuti asalire pojambulidwa. Mwina n'zoona. Komabe nsanje yandigwira, sindikubisirani, ngakhale chakudya sichikutsika. Ine kukolopa shopu ya eni kuno, wina n'kumalandira mapazi oyamba a mwana wanga ulele!

Pempho langa ndi limodzi. Musakakalipire munthu. Chimbalechi ndatumiza kwa inu, ndaikamo chithunzi cha nkhope yanga. Mukachitsukitse chachikulu, osati ku Balaka iyayi, ku Liwonde, ndipo mukachipachike pomwe Zainab amagona, m'munsi ndithu poti aziona. Mukapitako muzimulozera n'kumuuza kuti ndine ndani. Mwanayu watsala pang'ono kuyankhula, ndipo liwu loti baba ndikufuna liyambire pa ine.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Hamadi, ndi kwa apongozi. Yasmin mumuuze kuti sindinakwiye kwambiri.

Ndine mlongo wanu wosowa tulo,
Sidik