Zoti alamu akanene kumanda

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale, ku Lufita

Ndatopa. Mvula yagwa tsiku lonse, ndipo odzapepesa sakutha. Thupi la mwana wanga Wongani lifika Loweruka kuchokera ku Ulaya.

Alamu afika masana kuchokera ku Nthalire, matope mpaka m'mawondo. Ndiwo adzafotokozere anthu kumanda mmene imfayi yayendera. Anandiitanira pambali.

"Mulamu, pepani chomene. Koma ine ndikanene chiyani? Munthu sanadwale."

Ndinawauza zimene mnzake wa Wongani anandifotokozera pafoni. Kumapiri a Alps anthu amamanga timatabwa kumapazi n'kumatsetsereka pachipale, madzi oundana oyera amene amakuta mapiriwo. Kuli njira zokonzedwa, zoikidwa zizindikiro, koma akatswiri amazisiya n'kupita kumene sikunapondedwe. Wongani anali mmodzi wa iwo. Chipale chinagumuka kumtunda n'kumukwirira.

Alamu anapukusa mutu. "Ndiye anasiya njira dala? Kukasewera? Anthu sakamva bwino zimenezo. Tikangoti ngozi yapamsewu."

Ndawerengapo zambiri za mapiri amenewo, zina ndinkamuwerengera Wongani ali wamng'ono. Komabe ndinangowauza kuti ndiganize kaye.

Bodzalo n'lopepuka, ndipo mphamvu zokangana ndilibe. Koma mwanayo ankandiimbira foni akangotsika phiri, ali wefuwefu, akuseka: "Amama, kumtundako kuli zii, mukanakukonda." Sindingamuike m'manda ndi nkhani ya galimoto imene kunalibe.

Mawa ndiwapempha alamu kuti akanene zoona. Akakana, ndidzaimirira ndekha pamaso pa anthu n'kuzinena.