Tsiku Limene Tinatsuka Nyumba Yanu

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Namitambo tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Mng'ono wanga Agnesi wachira, ndi mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo akafuna kulira amakwinya pamphumi monga munkachitira inu mchere ukachuluka m'ndiwo. Nandolo chaka chino wabereka bwino, koma chimanga cha kumunda wa kumtunda chiswe chinatithandiza kukolola. Mbuzi yanu yoyera ija inaswa ana awiri, wina anafa tsiku lomwelo.

Koma chimene ndakulemberani ndi nyumba yanu. Chichokereni inu ndikugonamo ndine, poti amalume anagamula kuti ine monga mwana wamkazi wamkulu ndisasunthe pano. Amuna anga, bambo a Tadala, anapeza ntchito ku Nchalo kuminda ya nzimbe, ndi nyumba yomwe. Chikamwini chinawatopetsa kalekale. Pochoka anandiuza poyera kuti mvula ikagwa ndisanawatsatire, ndisadzadabwe kumva kuti kuli wina akuwaphikira. Nditakawafotokozera amalume, anangondifunsa kuti, "Ndiye m'nyumba mwa achemwali anga muzigona mileme?" Nkhani inathera pomwepo.

Mwezi watha kunabwera achimwene a Dikisoni kuchokera ku Joni, kudzamanga chiliza chanu. Paja kumeneko amatsuka magalimoto. Anabwera ndi makina akuntchito kwawo, oyendera petulo, a paipi yaitali ndi chogwirira chonga mfuti chimene chimalavula madzi mwaukali. Anati alendo a pachiliza asadzapeze makoma a fumbi ndi ndere. "Lero nyumba ya amayi isamba ngati ya m'tauni," anatero akudziguguda pachifuwa. Koma makinawo kumwa kwake, Amayi! Ine ndi azimayi anayi tinazungulira kumjigo mpaka makosi kuuma, mgolo osadzaza.

Anayambira pakhonde, pamene pali simenti, ndipo panawaladi. Anthu anadzaza pabwalo kudzaonerera. Kenako anakhotera kukhoma la kum'mwera, lija limamenyedwa ndi chiperoni. Achimwene sankadziwa kuti njerwa za nyumbayi munamangira matope, chifukwa pamene inkamangidwa n'kuti iwo atapita kale ku Joni. Ine ndinkadziwa. Matopewo ndinaponda nawo, inu mukundikalipira kuti, "Felesi, ponda ngati wadya, miyendoyo sunabwereke!"

Koma achimwenewo sindinawachenjeze. Madzi atangomenya khoma, dothi la pakati pa njerwa linayamba kutsika lili psuu. Achimwene ankayesa litsiro, n'kumasekerera. Manja atawatopa anandipatsa ine kuti ndiyeseko, anthu n'kumakuwa kuti mkazi wagwira mfuti. Apa ndiye mundimvetsere bwino, Amayi. Ndinaloza mzere umodzi, pansi pa zenera la kuchipinda kwanu, ndipo sindinasunthe. Ndinkaona dothi likutuluka, njerwa ikugwedera ngati dzino la mwana, mumtima n'kumati igwe, igwe, ndizipita ku Nchalo. Ndinasangalala. Ndikuchita manyazi kulemba, koma chiikireni maliro anu ndinali ndisanasangalalepo choncho. Amene anandilanda chimfuticho anali amalume, atalowa m'nyumba n'kupeza madzi akuthira pabedi panu.

Nyumbayo sinagwe. Ikanagwa bwanji, munaimanga inu ndi liuma lanu lija? Yangotsala ndi mipata yolowa zala zinayi, ndi mng'alu wochokera pazenera kufika pansi. Chiliza tinamanga, chinakongola. Achimwene anapepesa kwa amalume, ananyamula makina awo n'kukwera basi. Ambiri m'mudzi muno akuti cholakwa ndi makina a ku Joni, ena akuti ndi matama a achimwene. Ndimangovomera nawo. Zoona zake mukuzidziwa ndinu nokha.

Amalume anena kuti khomalo limatidwe mvula isanabwere, ndipo womata ndi amene amagonamo. Ndiye m'mawa uliwonse ndimaponda matope kuseri, n'kumalowetsa ndi zala, mzere ndi mzere. Zikhadabo zatha. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi: ndisanagwire chimfuti chija, ndikanalimba mtima n'kungokhoma chitseko n'kumapita, nyumba ikanaima yokha zaka zambiri, amalume akanalalata n'kutopa. Tsopano ndikaisiya, mvula ya sabata imodzi yokha iigwetsa, ndipo ndidzadziwa mpaka imfa kuti ndinakugwetserani nyumba ndine. Ndinkafuna kudzimasula, ndadzimangirira ndekha pakhoma pano.

Tadala amandifunsa kuti kwa ababa tipita liti. Ndimamuuza kuti tikamaliza kumata. Wayamba kundithira madzi m'dothi kuti ntchito ifulumire, ndipo ndimalephera kumuyang'ana kumaso.

Dzulo bambo akewo anatumiza uthenga kudzera kwa kondakitala wa minibasi. Akuti zovala zawo zimene zinatsala kuno ndiziike m'chikwama, ndimupatsire Loweruka. Za ine sanafunse. Mitambo yayamba kale kuunjikana cha ku Mulanje, pamene khoma sindinafike nalo ndi theka lomwe.

Ndikhululukireni, Amayi. Sindinkadana ndi inu ayi, ndinkangofuna banja langa. Ndikulonjeza kuti khomalo ndilimaliza, ndipo nyumba yanu sidzagwa ine ndili moyo. Zovala zija ndachapa kale ndi kusita, Loweruka ndikazipereka ndekha kusiteji.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya