Tambala wa ku Mmopane

Lolemba, 9 Okutobala 2006
Bambo a Hawa atuluka lero. Chibayo chinawagoneka masabata atatu ku ICU, mapaipi mkamwa ndi m'mphuno. Alhamdulillah ali moyo, koma minofu yonse yatsala kuchipatala. Kapu ya tiyi akuigwira ndi manja awiri, pampando ndiwadzutse ine. Pakamwa pokha ndi pamene sipanadwale.

Lachitatu, 11 Okutobala
Mayi wa mafizo anawapatsa kampira koti azifinya. Bambo akuti, "Ndevu zonsezi ndizisewera mpira?" Anakaponya mwaukali kuti katuluke pakhomo, kanagwera paphazi pawo pomwe. Ndaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka, 14 Okutobala
Hawa wabwera kuchokera kunyumba kwake ku Block 8. "Dad, this year nkhuku za Idi azinga ndi Junior, inu mupume." Junior mkamwini wathuyu, amene amathawa ndi mphemvu yomwe. Chibwerereni kuno kuchilendo, ku White City, Asilamu onse akwathu nkhuku zawo amazinga ndi bambowa. Iwo anangoyang'ana manja awo. Zandipweteka kwambiri.

Lolemba, 16 Okutobala
Ndakagula tambala wa Idi ku Mmopane, wabwera mu kombi, minibasi za kuno, akujompha anthu. Bambo akuti, "Bwera naye ndimuyese." Mwendo umodzi anaugwira ndithu. Tambala anawawomba phiko kumaso, kofia uko, n'kuwakwera paphewa, n'kulira. Doris, neba wathu wobadwira ku Zimbabwe, anasuzumira pampanda: "Nhai sekuru, ndani akuzinga mnzake apa?"

Lachinayi, 19 Okutobala
Tsopano ndi ntchito ya m'mawa uliwonse. Ndiwaikire tambala pamiyendo, alimbane naye, mapiko, miyendo, khosi. Mpaka pano akupambana ndi tambala. Akatopa onse awiri amagawana buledi, poti adokotala anawaletsa kufunga mwezi wosala kudya uno. Ine wofunga ndizingoonerera amuna anga akudya ndi ndiwo yanga.

Lachisanu, 20 Okutobala
Nyumba yonse nthenga. Kampira kaja akusewera nako ndi tambala.

Loweruka, 21 Okutobala
Tambala wawatsomphola gwinya, mandasi a kuno, m'manja. "Wakuba iwe!" Ndikucheuka, munthu ali chilili pakati pa khonde, payekha, ndodo ili pansi. Atazindikira anagwira chitseko, n'kundiuza kuti amangofuna kuona nyengo. Ndinalowa kukhitchini kukadula anyezi, ngakhale panalibe choti ndiphike.

Lachiwiri, 24 Okutobala, Idi
Pochokera kuswala kumzikiti anthu anafika ndi nkhuku zawo monga mwa masiku onse, koma maso akungoponya kwa Junior, yemwe anabwera ndi mpeni watsopano uli m'pepala. Bambo anati ayambira wathu.

Anagwada okha. Phazi pamapiko, phazi pamiyendo, khosi kuloza kibula, kumene timayang'ana popemphera. Tambala anayesa kuphupha, analephera. Aliyense anaona kuti walephera.

Kenaka anachotsa phazi, tambala n'kudzuka, n'kudzikung'untha.

"Uyu ayi," anatero. "Wokuchiza sadyedwa. Junior, bweretsa za anthuzo, iwe uzigwira beseni."

Azinga nkhuku za anthu onse, akupumira pakati. Hawa amangopukuta m'maso.

Ife Idi tadyera nyemba. Adokotala ali pakhondepo, akujompha mpunga wanga.